Burashi M'manja mwa Agogo

 Pulogalamu ya lero ikukamba za anthu amene anayamba kujambula zithunzi ndi penti imvi zili mbuu kumutu. Ena anayamba atafedwa, ena manja atayamba kukana ntchito zina, ena atachotsedwa kwawo mokakamizidwa. Nkhaniyi ikuyambira kutali, pa kachilumba kena kumpoto kwa dziko la Australia.

Chaka cha 2005, mayi wina wa zaka pafupifupi 80 analowa koyamba m'nyumba ya zaluso ya pa chilumba cha Mornington, m'chigawo cha Queensland. Dzina lawo linali Sally Gabori, ndipo ankakhala kunyumba yosungirako okalamba ya pachilumbapo. Chingerezi ankachidziwa pang'ono chabe. Ntchito zamanja ankazitha, monga kupota zingwe ndi kuluka timatumba taudzu, komanso anakula akusamalira makoma amiyala amene anthu akwawo amamanga m'mphepete mwa nyanja kuti nsomba zizitsalamo madzi akaphwera. Koma burashi anali asanaigwirepo chibadwire, ndipo mtundu wawo unalibe mwambo wojambula zithunzi pa nsalu kapena pa makungwa. Tsiku limenelo anapatsidwa chinsalu ndi penti, iwo n'kuyamba kupaka.

Chimene chinatuluka pa chinsalucho chinali ndi mizu yake mu 1948.

Mayi Gabori anabadwa cha m'ma 1924 pa chilumba cha Bentinck, kwa anthu a mtundu wa Kaiadilt. Unali mtundu waung'ono zedi, wa anthu osafika n'komwe 150, amene moyo wawo wonse unali wa m'nyanja. Kunagwa chilala, kenako namondwe anakankhira madzi a m'nyanja kumtunda mpaka zitsime zawo zinalowa mchere. Mu 1948 amishoni ananyamula anthu 63 amene anatsala n'kukawatula pa chilumba cha eni, cha Mornington. Kumeneko ana analekanitsidwa ndi makolo awo n'kumagonekedwa m'nyumba za pamishoni, kumene ankaletsedwa kulankhula chinenero cha Kayardild. Mayi ankatha kumuona mwana wake akukula, koma mawu a kwawo osamufika. Anthu ankayesa kuti akhalako nyengo yochepa, madzi akabwerera mwakale iwonso abwerera. Panadutsa zaka makumi angapo. Ndi m'zaka za m'ma 1990 pamene ena anamanga kamudzi pamalo otchedwa Nyinyilki, boma litavomereza kuti dzikolo ndi lawo, ndipo Mayi Gabori ankapita kukakhalako. Komabe ukalamba ndi kutalika kwa chipatala zinawabwezera ku Mornington.

Munthu woona zithunzi zawo koyamba sapezamo nyumba, mtengo kapena nkhope ya munthu. Amaona madera akuluakulu a utoto woyera, wakuda, wachikasu, wapinki ndi wabuluu, opakidwa mwamphamvu ndiponso mofulumira, penti wina pamwamba pa mnzake asanaume, moti m'malire mwake mitundu imalowana. Mlendo wa mumzinda wa Brisbane ankangoti ndi luso lamakono losafanizira chinthu chilichonse. Koma chithunzi chilichonse chinali ndi dzina la malo enieni. Thundi ndi dera la bambo awo. Makarrki ndi la mchimwene wawo. Mirdidingki ndi kamtsinje kamene iwo anabadwira. Malo amene anawajambula kambirimbiri kuposa ena onse ndi Dibirdibi, kwawo kwa amuna awo, a Pat Gabori. Mzera wakuda wokhota umene mlendo ankauyesa chokometsera chabe, wachibale ankaudziwa kuti ndi khoma lija lotchera nsomba. Gogoyu ankayenda m'dziko lakwawo ndi dzanja, pamene miyendo inali italephera.

Chionetsero chawo choyamba chinachitika ku Brisbane mu December 2005, miyezi yowerengeka atayamba. Pomwalira mu February 2015 n'kuti atajambula zithunzi zoposa 2,000, zina zotalika mamita 6. Ntchito yawo inakongoletsa khoma m'khothi lalikulu la Queensland, ndipo mu 2022 nyumba ya zaluso ya Fondation Cartier ku Paris inakonza chionetsero cha iwo okha.

Anthu ambiri amakonda kuimira pa mbiri imeneyi, ya kutchuka ndi ndalama. Koma chachikulu chinachitika pachilumba pomwepo, alendo asanabwere. Amayi ena achikulire a Kaiadilt, azichemwali ndi ana a abale awo, ataona gogo uja akubwerako ndi penti m'zala tsiku ndi tsiku, nawonso anayamba kupita. Mu 2007 amayi 7, pamodzi ndi Mayi Gabori, anazungulira chinsalu chimodzi chachikulu, aliyense n'kujambulapo dera limene anabadwira, mpaka chilumba chonse cha Bentinck chinatuluka. Chithunzicho anachitcha Dulka Warngiid, ndipo chimasungidwa ku National Gallery of Victoria mumzinda wa Melbourne. Amayi amenewa anali m'gulu la anthu omaliza olankhula bwino chinenero cha Kayardild. Kuti agwirizane kuti mtsinje uwu ukuthera pati ndipo dera la uje likuyambira pati, anayenera kukambirana, kutsutsana ndi kukumbutsana mayina a malo amene anali atakhala zaka osatchulidwa pagulu. Pambuyo pake ana aakazi a Mayi Gabori, Amanda ndi Elsie, anayamba kujambula pambali pa mayi awo. Anthu amene anadulidwa pakati mu 1948 anapeza pokumanira, ndipo pokumanirapo panali pa tebulo lothimbirira ndi penti.

Kodi m'kujambula muli chiyani chimene chimapepuza mtima?

Funso limeneli linayamba kufunsidwa mwadongosolo ndi munthu amene anali chigonere m'chipatala. Mu 1938, katswiri wojambula wa ku England, Adrian Hill, anagonekedwa ndi chifuwa chachikulu cha TB pa chipatala cha King Edward VII ku Midhurst. Nthawi imeneyo mankhwala a TB kunalibe. Wodwala ankangouzidwa kuti agone, adye bwino, apume mpweya wabwino kwa miyezi yambirimbiri. Tsiku limatalika munthu akamangoyang'ana kudenga, ndipo maganizo amapita kumanda thupi lisanapite. Hill anayamba kujambula tinthu tapafupi ndi bedi lake, n'kuona kuti maola akudutsa osawamva ndipo mantha akuchepa. Atachira anapemphedwa kuti aziphunzitsa odwala anzake, ena mwa iwo asilikali obwera kunkhondo. Ndiye amene mu 1942 anayamba kuitchula ntchitoyi kuti ndi chithandizo, ndipo mu 1945 anatulutsa buku lotchedwa Art Versus Illness. Chaka chotsatira mnzake Edward Adamson anatsegula chipinda chojambuliramo pa chipatala cha odwala maganizo cha Netherne, kumene anagwira ntchito zaka zoposa 30. Lamulo lake linali losavuta: sankauza wodwala choti ajambule, ndipo sankamumasulira chithunzi chake.

Zimene Hill anazimva m'thupi mwake, ofufuza a masiku ano ayesa kuziyeza. Mu 2016 Girija Kaimal ndi anzake a pa yunivesite ya Drexel ku America anatenga anthu akuluakulu 39, n'kuwapatsa mapepala, zolembera zamitundu ndi dongo kuti apange chilichonse chimene akufuna kwa mphindi 45. Anayeza malovu awo asanayambe ndiponso atamaliza, pofufuza cortisol, timadzi timene thupi limatulutsa tambiri munthu akakhala pa nkhawa. Mwa anthu anayi alionse, atatu anapezeka kuti cortisol watsika. Chosangalatsa n'chakuti amene anali asanajambulepo anapindula mofanana ndi amene anali ozolowera. Kafukufukuyu anali waung'ono, ndipo payekha sangamange mlandu. Koma mu 2019 nthambi ya ku Ulaya ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO inatulutsa lipoti lolembedwa ndi Daisy Fancourt ndi Saoirse Finn, limene linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 3,000 pa nkhani ya zaluso ndi thanzi. Linapeza umboni wakuti kuimba, kuvina, kujambula ndi zina zotero zimathandiza kupewa matenda ena komanso kupirira ena, makamaka a maganizo ndi a ukalamba.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Munthu amene akusakaniza utoto kuti apeze mtundu wa madzi a mumtsinje wa kwawo sangathe nthawi yomweyo kumabwereza m'mutu mawu amene dokotala ananena dzana. Diso, dzanja ndi maganizo zonse zimakhala pa ntchito imodzi. Komanso pali zinthu zimene pakamwa pamakana kuzitulutsa, pamene dzanja limavomera. Ndipo pamapeto pa tsiku pamakhala chinthu chogwirika chimene kum'mawa kunalibe. Kwa munthu amene wapuma pa ntchito, ana akula n'kupita, ndipo palibenso amene amamufunsa nzeru, chinthu chimenechi si chaching'ono.

Apa m'pofunika kunena mosapsatira mawu: burashi silowa m'malo mwa mankhwala. Wodwala shuga kapena BP apitirize kumwa mankhwala ake. Munthu amene chisoni chamulanda tulo ndi chilakolako cha chakudya kwa milungu yambiri, kapena wayamba kulankhula zodzipha, atengeredwe kuchipatala msanga. Kujambula kumayenda limodzi ndi chithandizo chotere, ndipo nthawi zambiri kumapatsa munthu chifukwa chodzukira kuti akalandire chithandizocho.

Pali ena amene thupi lenilenilo ndi limene linawakankhira ku penti. Anna Mary Robertson Moses, amene dziko limamudziwa kuti Grandma Moses, anabadwa mu 1860 m'chigawo cha New York. Anayamba kugwira ntchito m'nyumba za anthu ali ndi zaka 12, anakwatiwa ndi mlimi, anabereka ana 10 ndipo 5 anamwalira ali makanda. Amuna awo anatsikira kuli chete mu 1927. Gogoyu ankadzitonthoza ndi singano, kusoka zithunzi za ulusi pa nsalu, mpaka nyamakazi inapinda zala zawo moti singano inayamba kuwapweteka. Mchemwali wawo Celestia ndi amene anawauza kuti ayese burashi. Apa n'kuti ali ndi zaka za m'ma 70, cha kumapeto.

Ankajambula pa timatabwa, atakhala pa tebulo lakale la m'nyumba mwawo. Ankayamba ndi thambo, kenako mapiri, kenako nyumba ndi ng'ombe, anthu n'kubwera pomalizira, ang'onoang'ono, aliyense ali pa ntchito yake: uyu akuchapa, uyu akuthamangitsa nkhukundembo, awa akuphika madzi a mtengo wa maple kuti apange shuga. Dzanja lamanja likawawa ankasinthira lamanzere. Zithunzizo ankazigulitsa madola atatu kapena asanu, ndipo zina zinaikidwa pa windo la sitolo ya mankhwala m'tauni ya Hoosick Falls. Mu 1938 munthu wina wokonda zaluso, Louis Caldor, anaziona akudutsa ndipo anagula zonse. Mu 1940 gogoyu anali ndi chionetsero chawochawo mumzinda wa New York. Anamwalira mu 1961 ali ndi zaka 101, atajambula zithunzi zoposa 1,500, ndipo chimodzi chinadzagulidwa pa mtengo wa madola 1.2 miliyoni mu 2006. Chimene anthu ankakonda m'zithunzizo ndi moyo wa kumudzi umene mathirakitala ndi magetsi zinali zitaumeza kale. Mayi Moses anali mboni ya moyo umenewo, ndipo mboni zinali zikutha.

Horace Pippin, msilikali wachikuda wa ku America, anawomberedwa paphewa lamanja pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, mkono n'kufooka. Anayamba ndi kuwotcha zithunzi pa thabwa ndi chitsulo chamoto, kenako anaphunzira kugwira burashi ndi dzanja lovulalalo, lamanzere likulichirikiza. Chithunzi chake choyamba cha penti wamafuta, cha kutha kwa nkhondo, chinamutengera zaka pafupifupi zitatu, n'kuti ali ndi zaka zoposa 40. Ankalimbitsa mkono, komanso ankatulutsa nkhondo imene inatsalira m'mutu mwake. Ngakhale Winston Churchill, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Britain, anayamba kujambula mu 1915 ali ndi zaka 40, atachotsedwa pa udindo chifukwa cha kulephera kwa nkhondo ya ku Dardanelles, mtima uli wosweka.

Wina anganene kuti awa anali anthu a m'mayiko olemera, kumene penti ndi mabolodi zili mbwee. Yankho lake ndi Bill Traylor. Bamboyu anabadwira mu ukapolo ku Alabama cha m'ma 1853, ndipo analima m'minda ya thonje moyo wake wonse. Atakalamba anapita mumzinda wa Montgomery, kumene analibe nyumba, moti ankagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yokonzera maliro. Mu 1939, ali ndi zaka pafupifupi 85, anayamba kukhala pa bokosi m'mbali mwa msewu wa Monroe, atatenga kachidutswa ka pensulo ndi makatoni otayidwa m'masitolo. Ankajambula agalu olusa, nyulu zolima, anthu oledzera, amuna othamangitsana padenga la nyumba. Mnyamata wina wojambula, Charles Shannon, anamupeza pomwepo, n'kuyamba kumubweretsera penti ndi kusunga zithunzi zake. Mapepala oyera ogula ankawakonda pang'ono. Iye ankafuna katoni yakale, yokhala ndi madontho ake. M'zaka zitatu zokha anajambula zithunzi zoposa 1,000. Anamwalira ali wosauka mu 1949, ndipo dziko linachedwa kumuzindikira. Mu 2018 Smithsonian American Art Museum ku Washington inakonza chionetsero chachikulu cha ntchito yake. Komabe pa zaka zimene anakhala pamsewu paja, nkhalamba imene anthu akanangoidutsa inali ndi ana oizungulira ndi anthu oima kufunsa kuti ichi n'chiyani.

Kuima kwa anthu kumeneku n'kumene kuli mankhwala ena. Mu 2025 WHO inalengeza kuti munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko lapansi amavutika ndi kusungulumwa, ndipo vutoli limakhudzana ndi imfa zoposa 870,000 pa chaka. Lipotilo linapezanso kuti m'mayiko osauka anthu odandaula kusungulumwa ndi ochuluka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi m'mayiko olemera. Izi zimadabwitsa anthu amene amakhulupirira kuti kumudzi munthu sasowa mnzake. Koma amene amayenda m'midzi ya ku Malawi amawadziwa agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi, ana ali ku Lilongwe kapena ku Joni, anzawo a msinkhu umodzi atatha. Choipitsitsa n'chakuti kukhala okha kumeneko n'kumene kumabala mphekesera za ufiti, ndipo okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha mphekesera zotere, ngakhale lamulo la dziko limaletsa kunenera munthu ufiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Lamulo ndi lofunika, koma silingakhale pakhonde la gogo madzulo. Pamafunika chinthu chokokera anthu pakhondepo, ndipo khonde limene ana amasonkhanapo kudzaona chithunzi chatsopano silichedwa kukhala lodziwika kwa mudzi wonse.

Ndipo pasakhale wonena kuti kujambula ndi mwambo wachilendo kuno. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zithunzi zapamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, alenje akalekale. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi loyera. Zina ndi za zinyau, koma zambiri, zooneka ngati nyama yotambalala miyendo, akatswiri ofufuza amazilumikiza ndi chinamwali cha atsikana. Oyendetsa chinamwali ndi anamkungwi, amayi achikulire. Ndiye kuti m'dziko lino amayi aimvi anali kale aphunzitsi ogwiritsa ntchito zithunzi, kalekale kusanabwere choko ndi bolodi. Mpaka lero, mvula ikatha ndipo zokolola zalowa m'nkhokwe, amayi amazira nyumba ndi kulemba maluwa, mizera ndi mbalame m'makoma ndi dothi lamitundumitundu. Amadziwa dambo limene kuli dothi lakuda ndi chigwembe chimene kuli lachikasu. Luso lilipo, kungoti anthu salipatsa dzina la luso, ndipo mvula ya chaka chamawa imalifufuta.

Zipangizo siziyenera kuopsa aliyense. Edward Saidi Tingatinga anayamba kujambula ku Dar es Salaam mu 1968 ndi penti wopakira njinga, pa zidutswa za mabolodi a siling'i. Anamwalira mu 1972, patangopita zaka zinayi, koma achibale ndi ophunzira ake anapitiriza, n'kupanga kopaletivu imene ilipo mpaka lero, ndipo zithunzi za mtundu umenewu zimagulitsidwa kum'mawa konse kwa Africa.

Gogo wa ku Ntcheu kapena ku Chipata angayambe ndi zochepa kuposa pamenepo. Katoni ya sopo imatambasulidwa, n'kupakidwa penti woyera wamadzi kapena njereza, n'kuyanikidwa pamthunzi kuti isapindike. Katondo wouma amasinjidwa ndi kusefedwa mpaka asalale ngati ufa woyera, kenako amasungunulidwa ndi madzi ndi kaguluu ka matabwa kapena kaphala kopyapyala ka chinangwa, kuti akauma asamayoyoke. Makala osinja amapereka wakuda, phulusa limapereka wotuwa. Kamtengo kotafuna kunsonga kamapaka madera aakulu, nthenga ya nkhuku imalemba timizera. Ngati zala zili ndi nyamakazi, chogwirira chimakulungidwa ndi kansalu kapena mphira mpaka chinenepe, kuti dzanja lisafinye kwambiri. Izi n'zimene amachitanso akatswiri othandiza anthu amene anachita sitiroko. Penti wamafuta wa m'zitini ndi wofunika kusamala naye: fungo lake limapweteka mutu ndi chifuwa m'nyumba yotseka, ndipo wina amakhala ndi mtovu umene ndi woopsa kwa ana. Wamadzi ndiye wabwino, ndipo ntchitoyi ichitikire panja.

Chojambula sichingasowe. Munthu wa zaka 85 lero anali kamwana pa njala ya 1949 ndipo anakula akumva fungo la nkhani zake. Alipo abambo amene anakwera ndege za Wenela kupita ku migodi ya ku South Africa ulendowo usanaimitsidwe mu 1974, ndipo amakumbukira mmene kompaundi inkaonekera. Alipo amene anaona sitima ya Ilala ikukocheza ku Nkhotakota ali achinyamata, amene anavina chiwoda ndi mganda pabwalo limene lero pali sitolo, amene amadziwa pamene panali chitsime chakale ndi mtengo wa mkuyu wa milandu. Zambiri mwa izi palibe kamera imene inazijambula. Kuli anthu a ku Chilobwe, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe amene namondwe Freddy anawachotsa pamalo awo mu March 2023, ndipo midzi ina inatsala miyala yokhayokha. Mapu a midzi imeneyo, nyumba ya uje apa, mpingo apo, mango a agogo uje kuseri, ali m'mitu mwa akuluakulu amene anapulumuka. Zimene anachita amayi 7 a Kaiadilt pa chinsalu chimodzi zingachitike pa khoma la sukulu kapena pa nsalu ya bafuta.

Pamenepa pakufunika chifundo ndi kudekha. Munthu amene anaona zoopsa asaumirizidwe kuzijambula. Ena amayamba ndi nkhuku kapena duwa, n'kukhala miyezi akujambula zomwezo, ndipo zowawa zimadzabwera zokha nthawi yake ikakwana, kapena osabwera n'komwe. Zonsezo n'zabwino. Cholakwika chachikulu chimene achinyamata ophunzira amachita ndi kulanda burashi kuti akonze mwendo wa mbuzi umene watalika. Mwendo wa mbuzi ya a Traylor ukanakonzedwa, lero bwenzi palibe amene akuwakumbukira. Cholakwika china ndi kulonjeza ndalama. Mwa okalamba zikwizikwi amene amajambula padziko lapansi, amene amafika ku Paris ndi owerengeka, ndipo gulu limene lasonkhana chifukwa choyembekezera ogula limabalalika mwezi wachitatu. Limene limakhalitsa ndi lija limene anthu amabwera chifukwa Lachinayi masana kuli anzawo, kuli tiyi, ndipo kuli chithunzi chimene chinatsala theka sabata yatha.

Magulu oti ayambitse zimenezi alipo kale m'dera lililonse: amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, a Dorika, miphakati, magulu a kumzikiti, mabanki a m'khonde, makomiti a sukulu ndi mabungwe a anthu opuma pa ntchito. Sipafunika chilolezo cha ku boma kapena thandizo la kunja kuti anthu asanu akhale pansi pa mtengo ndi makatoni asanu. Mphunzitsi wa Expressive Arts wa pa pulayimale yapafupi angathandize kusakaniza mitundu tsiku loyamba, kenako n'kuwasiya eni ake.

Pempho la pulogalamu ino likupita kwa inu adzukulu ndi ana amene mukumvera. Sabata ino apititsireni agogo katoni yoyera ndi timabotolo titatu ta utoto. Akakana n'kunena kuti izo n'za ana a sukulu, zisiyeni pakhonde pomwepo, mudzabwerenso. Akajambula, musafunse ngati chakongola. Afunseni kuti kumeneku n'kuti, ndipo anthu awa ndi ndani. Mukatero tembenuzani katoniyo, mulembe kuseri kwake dzina lawo, dzina la malowo ndi tsiku, monga mmene akuuzirani.